Mayi Woyembekezera Akatupa ndi Kukomoka, Wachimwa Ndani?

Mayi woyembekezera akayamba kutupa nkhope ndi manja, mutu n'kumamuwawa osaleka, m'maso n'kumachita chidima, kenako n'kugwa pansi akuphupha ngati wa khunyu, funso limene limafulumira kufika pakamwa pa abale ndi lakuti walakwa ndani. Akuluakulu osunga mwambo amakumbukira mdulo, umene ena amautcha tsempho, chifukwa kutupa ndi chimodzi mwa zizindikiro zake zodziwika, ndipo amayamba kufufuza ngati mwamuna anayenda kunja kapena ngati mkaziyo anasempha mwambo wina. M'mipingo ina mawu amakhala ena koma mlandu ndi womwewo: pali tchimo losaulula, pali temberero la kumtundu, pali khomo limene mayiyu anatsegulira mzimu woipa. Ine ndikuti funso limeneli ndi lolakwika, ndipo kafukufuku wa nsengwa ndi mitsempha yake yamagazi watipatsa zifukwa zomveka zolisiyira. Sindikuti pa imfa ya mayi woyembekezera sipakhala mlandu. Mlandu umakhalapo ndithu, koma ife takhala tikuufunafuna pachiyambi cha matendawa, pomwe palibe munthu amene anachitapo kanthu, n'kumaulambalala pa masiku ndi maola otsatira, pomwe anthu akanatha kuchita zambiri.

Nsengwa ndi chiwalo cha mwana, osati cha mayi. Imachokera ku dzira lomwelo limene mwana amachokerako, ndipo theka la chibadwa chake ndi la bambo. M'masabata oyambirira a mimba, maselo ena a nsengwa amalowa m'khoma la chiberekero kukafunafuna timitsempha tamagazi ta mayi, topiringizika ndiponso topanikizika. Akatipeza amaphwasula minofu yotizungulira n'kutisandutsa mitsempha yotakasuka, yoti magazi ochuluka azidutsamo mwaphee. Ntchitoyi imachitika m'theka loyamba la mimba, ndipo ikayenda bwino, pofika masiku ochira magazi opitirira theka la lita amafika m'chiberekero pa mphindi iliyonse. Mlimi wa kudimba amadziwa kuti ngalande ikakumbidwa yopapatiza, madzi amafika ochepa komanso mwaukali, mbewu n'kumafota pamene mtsinje uli wodzaza. N'zimene zimachitika ntchito ija ikalekera panjira. Mu 1972 Ivo Brosens ndi anzake awiri, Robertson ndi Dixon, atapima tizidutswa ta m'khoma la chiberekero, anasonyeza kuti mwa amayi odwala matenda othamanga magazi a pa mimba, amene kuchipatala amawatcha pre-eclampsia, timitsempha timeneti timakhala tisanatakasuke mokwanira. Nsengwa yotere imalandira magazi modukizaduka, imavulala, ndipo mwana amakula mopinimbira.

Chimene chinasautsa madokotala kwa zaka zambiri n'chakuti vuto la m'kachiwalo kamodzi limafika bwanji ku impso, ku chiwindi ndi ku ubongo wa mayi. Mu 1989 James Roberts ndi anzake ananena kuti chimene chimadwala ndi kakhungu kopyapyala kamene kamayala mkati mwa mitsempha yonse yamagazi m'thupi. Mu 2003 gulu la Ananth Karumanchi ku Boston linapeza chimodzi mwa zinthu zimene zimakadwalitsa. Nsengwa yovutika imatulutsa puloteni yotchedwa sFlt-1 yambiri zedi, ndipo puloteniyi ikalowa m'magazi a mayi imagwira ndi kulepheretsa mapuloteni ena amene amasamalira kakhungu kaja. Ataichulukitsa m'matupi a makoswe a bere, magazi a makoswewo anathamanga, impso zawo zinawonongeka, ndipo mapuloteni anayamba kutuluka mumkodzo, monga zimachitikira kwa amayi. Chaka chotsatira Richard Levine ndi anzake anasonyeza kuti puloteniyi imayamba kukwera m'magazi pafupifupi masabata 5 zizindikiro zisanaoneke. Mitsempha ikavulala chonchi imafinyika, magazi n'kuthamanga kufika pa 140/90 kapena kupitirira. Imadontha, madzi n'kudzaza m'minofu, kumene ndi kutupa kuja. Ndipo zikafika ku ubongo mayi amaphupha. Bungwe la WHO limati matendawa amagwira pakati pa mimba 2 ndi 8 pa mimba 100 zilizonse, ndipo chaka chilichonse amapha amayi pafupifupi 46,000 ndi ana pafupifupi 500,000, ena asanabadwe, ena atangobadwa.

Tiike zimenezi pambali pa mlandu umene mayi amaimbidwa. Kutupa kumaoneka mwezi wachisanu ndi chiwiri kapena wachisanu ndi chitatu, koma muzu wake, makamaka pa mtundu woopsa umene umabwera msanga, unazikika m'miyezi yoyambirira, nthawi zina mayiyo asanauze ngakhale apongozi ake kuti ali ndi pakati. Achibale amene akufufuza zimene zinachitika sabata yatha akufufuza nthawi yolakwika. Matendawa amakonda mimba yoyamba, mimba ya mapasa, mayi amene mayi ake kapena mchemwali wake anadwalapo, mayi wa shuga, wa impso kapena wa BP yakale. Pa mndandanda umenewu palibepo chimene munthu woopa Mulungu angachitche tchimo. Amabweranso pa mimba ina yachilendo imene nsengwa imakula ngati phava la timatuza popanda mwana n'komwe, umboni wakuti gwero lake ndi nsengwa. Kafukufuku wa chibadwa wapitirira apa. Mu 2017 ofufuza anapeza kuti kusiyana kwina mu DNA ya mwana, pafupi ndi malo amene amapanga puloteni ija, kumawonjezera chiopsezo kwa mayi. Ashley Moffett wa ku Cambridge, pamodzi ndi Annettee Nakimuli amene anafufuza amayi a pachipatala cha Mulago ku Kampala, asonyeza kuti chiopsezo chimadaliranso mmene chitetezo cha m'chiberekero cha mayi chikugwirizanirana ndi zizindikiro zimene nsengwa yatengera kwa bambo. Mwamuna wokhulupirika ndi mkazi wokhulupirika, okwatirana pamaso pa ankhoswe ndi pamaso pa mpingo, angathe kukhala ndi chibadwa chosagwirizana bwino pa mfundo imeneyi, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anasankha chibadwa chake.

Wokhulupirira asaganize kuti apa sayansi ikulanda mawu m'kamwa mwa Malemba, pakuti Malemba anakana kale kawerengedwe kotere. Mu Yohane 9 ophunzira anaona munthu wobadwa wosaona n'kufunsa ngati anachimwa ndi iyeyo kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri, kenako n'kumuchiritsa. Mu Luka 13 anakumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kukana kuti anali ochimwa kuposa anzawo. Buku lonse la Yobu ndi mlandu wotsutsa Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anthu opembedza amene sankatha kuona tsoka popanda kulipezera tchimo, ndipo pamapeto pake Mulungu anakwiyira iwowo. Rakele, mkazi amene Yakobo ankamukonda, anafa pobereka Benjamini panjira ya ku Efurata, ndipo Genesis 35 simusenzetsa mlandu uliwonse. Kwa Asilamu, pali hadisi yodziwika imene imaika mayi wofa chifukwa cha uchembere m'gulu la mashahidi, ulemu umene sungapatsidwe kwa munthu amene imfa yake ndi chilango. Zipembedzo zazikulu za kwathu kuno zili ndi zokwanira zotiletsa kuloza chala mayi wodwala. Kuti chalacho chikulozedwabe ndi umboni wa mmene mtima wa munthu umafunira wolakwa ukachita mantha.

Wina adzati: sayansi imafotokoza mmene chinthu chimachitikira, koma chifukwa chake ndi cha Mulungu, kodi Mulungu sangagwiritse ntchito timitsempha topanikizikato ngati chikwapu chake? Mfundoyi ndi yolemera, ndipo sindiikankhira pambali. N'zoona kuti makina a labotale sangaone zolinga za Mulungu. Koma amene akuti matenda awa ndi chilango sakungonena za zobisika. Akunenanso chinthu choyezeka, chakuti matendawa amatsata ochimwa. Tikayeza timapeza kuti amatsata mimba yoyamba, mapasa, chibadwa ndi kuperewera kwa kashiamu m'zakudya. Timapezanso kuti mankhwala otsika mtengo amawabweza. Kafukufuku wa ASPRE wa mu 2017 anapatsa amayi amene anali pachiopsezo asipirini wa mamiligalamu 150 tsiku lililonse kuyambira pakati pa sabata la 11 ndi la 14, ndipo matenda obwera mwana asanakhwime anachepa ndi 62 peresenti. Amene akufuna kusunga chiphunzitso cha chilango ayenera kuvomereza kuti chiweruzo cha Mulungu chimalambalala wochimwa amene wamwa asipirini n'kugwera wolungama amene kwawo kulibe chipatala. Mulungu wotero ndi wokondera olemera, ndipo si amene aneneri ankamulalika. Kulemekeza Mulungu kumafuna kuti tisamunamizire kachitidwe kamene ngakhale mfumu ya m'mudzi ingachite nako manyazi pabwalo.

Wina wodziwa mabuku a zachipatala adzabwera ndi mfundo yakuthwa kuposa imeneyi. Adzati ofufuza ena anapeza kuti mayi amene watenga mimba ya mwamuna wina watsopano chiopsezo chake chimakwera, ndiye makolo athu sananame pogwirizanitsa kutupa ndi nkhani za kuchipinda. Zoterezi zinalembedwadi. Koma mu 2002 Rolv Skjærven ndi anzake, atapenda kaundula wa ana obadwa ku Norway, anapeza kuti chimene chimakweza chiopsezo kwenikweni ndi kutalika kwa zaka pakati pa mimba ziwiri, ndipo atawerengera zakazo kusintha mwamuna sikunaonekenso kuti kukuwonjezera vuto. Ngakhale mbali ya mwamuna watsopano ikanakhala yoona, ikanagwera mofanana mayi wamasiye amene wakwatiwanso mwadongosolo, ndipo sikanatiuza kanthu za mwamuna woyendayenda, pakuti nsengwa sidziwa kumene bambo anagona. Ndikumvetsa chimene chiphunzitso cha mdulo chinkateteza. Chinkamanga mwamuna kuti asatayirire mkazi wake ali ndi pakati, ndipo chinkapangitsa mudzi wonse kuona mimba ngati nkhani ya onse. Cholinga chimenecho n'chabwino ndipo chiyenera kukhalapobe, makamaka poti chiwerewere chimabweretsadi chindoko ndi kachilombo ka HIV, zimene zimapha ana m'mimba. Koma kukhulupirika kungaphunzitsidwe ndi zifukwa zake zoona. Kukakuphunzitsa ndi chifukwa chonama, mtengo wake amalipira ndi mayi amene akuumirizidwa kuulula amuna pamene magazi ake afika pa 170/110, ndipo ola lililonse lotayika pa mafunso likumuyandikizitsa ku imfa.

Chitsutso chovuta koposa chimachokera mbali ina. Ngati palibe amene anachimwa, ndiye kuti vuto lili m'chilengedwe chenichenicho, ndipo funso likubwerera kwa Mlengi: anapangiranji njira yoberekera yokhala ndi msampha wotere? Katswiri wa zamoyo David Haig analemba mu 1993 kuti pa mimba zofuna za mwana ndi za mayi sizifanana ndendende. Nsengwa imakoka chakudya mmene ingathere, thupi la mayi limaika malire, ndipo kuthamanga kwa magazi kungakhale njira imene nsengwa yosowa imadzikokera magazi ambiri. Ena akamva zimenezi amati chilengedwe n'chankhanza ndipo kulibe amene amachisamala. Ine ndikuona kuti apita patali kuposa umboni. Kulowa mozama kwa nsengwa m'thupi la mayi, kumene kukalekera panjira kumabweretsa ngoziyi, n'komwenso kumadyetsa mwana kwa miyezi isanu ndi inayi, ndipo pa mimba zoposa 90 pa 100 zilizonse miyoyo iwiri ya chibadwa chosiyana imagwirizana popanda matendawa. Dziko limene zinthu zimayenda mwa malamulo okhazikika ndi dziko limene ngozi zimatheka, komanso ndi dziko lokhalo limene munthu angaphunziremo kanthu n'kuthandiza mnzake. Zikanakhala kuti mitsempha imatseguka kapena kutsekeka malinga ndi mkwiyo wa mizimu wa tsiku limenelo, Brosens sakanapeza kanthu, ndipo mzamba sakanakhala ndi choyeza. Yankho limeneli silipukuta misozi ya bambo amene waika m'manda mkazi ndi mwana tsiku limodzi, ndipo sindikuliika patsogolo ngati lotonthoza. Yobu yemwe sanapatsidwe chifukwa cha mavuto ake. Koma kukhala ndi funso lopanda yankho lokwanira pamaso pa Mulungu n'kwabwino kuposa kulitseka ndi bodza losenzetsa wakufayo mlandu.

Kwathu kuno nsengwa ili ndi mdani winanso amene tikumudziwa bwino. Mu 1996 Michal Fried ndi Patrick Duffy, pofufuza ku Kenya, anasonyeza kuti maselo a magazi okhala ndi tizilombo ta malungo amamatirira mu nsengwa, n'chifukwa chake mayi wa mimba yoyamba angathe kukhala ndi nsengwa yodzaza tizilombo iye osamva kutentha thupi. Kafukufuku wa ku Mangochi ndi wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anathandiza dziko lonse kumvetsa mmene malungo otere amachepetsera sikelo ya mwana, ndipo mu 1993 Malawi anayamba kupereka Fansida kwa amayi oyembekezera kuti awateteze. Ku Muheza m'dziko la Tanzania, Atis Muehlenbachs ndi anzake anapeza mu 2006 kuti mwa amayi achitsikana a mimba yoyamba, malungo a mu nsengwa amayendera limodzi ndi kukwera kwa sFlt-1 ndi kuthamanga kwa magazi. Udzudzu suyang'ana kaundula wa mpingo usanalume.

Tsopano tifike pomwe mlandu uli. Mankhwala a magnesium sulphate akhala akugwiritsidwa ntchito pa kuphupha kwa amayi oyembekezera kuyambira zaka za m'ma 1920. Kafukufuku wa Magpie, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anakhudza amayi 10,141 m'maiko 33, ndipo anasonyeza kuti jakisoni ameneyu amachepetsa kuphupha ndi 58 peresenti. Makina oyezera BP ndi kapepala koviika mumkodzo zimatha kuonetsa matendawa mayi asanamve chilichonse. Mankhwala otsitsa BP alipo. Chithandizo chomaliza ndi kuchiritsa mayiyo kuti nsengwa ituluke, ngakhale masiku asanakwane, ndi kumuyang'anirabe pambuyo pake chifukwa kuphupha kumatha kubwera atachira kale. M'maiko amene zinthu izi zimapezeka pa nthawi yake matendawa amagwirabe amayi, koma amapha ochepa kwambiri. Ku Malawi kafukufuku wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 439 amafa pa ana 100,000 obadwa amoyo, kutsika kuchoka pa 984 mu 2004, ndipo kuthamanga kwa magazi kuli m'gulu la zifukwa zikuluzikulu pamodzi ndi kutaya magazi ndi matenda olowa pobereka. Kutsika kumeneku sikunabwere chifukwa Amalawi anasiya kuchimwa pa zaka khumi ndi ziwiri. Kunabwera pamene amayi ambiri anayamba kuchirira kuchipatala. Choncho mayi akafa ndi matendawa, mafunso oyenera pamaliro ndi ena: anayezedwa BP ulendo uliwonse wa kusikelo kapena makina anali opanda mabatire? Atadandaula mutu, anamutengera kuti, ndipo panapita maola angati? Jakisoni analipo? Ambulansi inali ndi mafuta? Mafunso awa ali ndi mayankho, ndipo mayankhowo ali ndi eni ake, kuyambira pakhomo mpaka kwa amene amagawa ndalama za boma.

Pali choopsa chimodzi m'mfundo yangayi, ndipo ndiyenera kuchitchula. Munthu angachotse mlandu wa chigololo pamutu pa mayi n'kumusenzetsa wina watsopano, wakuti anachedwa yekha kupita kusikelo. Kumeneko n'kusintha dzina la mlandu, woimbidwa n'kukhala yemweyo. Mayi wa kumudzi nthawi zambiri sasankha yekha tsiku lonyamuka. Amadikira mawu a mwamuna, a apongozi kapena a malume, amadikira ndalama ya kabaza, ndipo amabisa mimba miyezi yoyambirira poopa anthu oipa mtima, nthawi yomwe asipirini akanathandiza kwambiri. Udindo umakula molingana ndi mphamvu imene munthu ali nayo, ndipo pa onse okhudzidwa, wodwalayo ndiye ali ndi mphamvu yochepa. Mbusa amene mawu ake amamveka kwa anthu mazanamazana Lamulungu lililonse ali ndi udindo woposa wa mayiyo. Nankungwi amene amalangiza wa mimba yoyamba, mfumu imene imaitanitsa msonkhano, ndi mkulu amene amasaina kagulidwe ka mankhwala, onsewa ali ndi udindo woposa wake. Sindikutsutsa pemphero. Mpingo upemphere ndi mtima wonse, koma upemphere uli m'galimoto yopita kuchipatala kapena pakhonde la wodi. Kusunga mayi wotupa nkhope usiku wonse m'chipinda cha mapemphero pamene chithandizo chili pa mtunda wofikika n'kumuyesa Mulungu, chinthu chimene Yesu mwini anakana kuchita pamwamba pa kachisi.

Kwa abusa, mashehe, anankungwi ndi mafumu, pempho langa ndi ili. Pa ulaliki, pa chilangizo cha mimba yoyamba ndi pabwalo, nenani poyera kuti mayi wotupa ndi wophupha sanachimwe, ndipo musalole kuti aliyense amufunse za amuna pamene akudwala. Phunzitsani anthu anu kuti mimba ikangodziwika mayi ayambe sikelo, ndipo kuti mutu wosaleka, chidima m'maso, kupweteka kwa pansi pa nthiti za kumanja ndi kutupa kwadzidzidzi kwa nkhope ndi manja ndi zizindikiro zonyamukira kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Ndipo mukapita kukaona odwala pachipatala cha kwanu, funsani ngati makina a BP akugwira ntchito ndiponso ngati magnesium sulphate alipo. Akakhala kuti palibe, kafunseni kwa amene ali ndi udindo wogula, ndipo musaleke kufunsa mpaka atafika.